Nsapato yowongola phazi ikafika pa kaunjika wa ku Chamama

Msika wa fodya ukangotsegulidwa ku Chinkhoma, ku Chamama kumayamba kununkhira ndalama, ndipo amalonda ndiwo amayamba kumva fungolo. Malole akamatuluka atasenza mabelo a fodya, mabelo ena amakhala akulowa, a kaunjika. Tsiku la msika nsapato zimayalidwa pa masaka m'mbali mwa msewu, zina zitamangidwa ziwiriziwiri ndi zingwe zake kuti inzake isasochere, zina zitachapidwa ndi sopo mpaka kuyera mbee. Pali jombo za mpira, za ku ofesi zosongoka kutsogolo, zakuda za ana asukulu, ndiponso mulu wa nsapato zothamangira zochokera kutsidya kwa nyanja.

Mukatola imodzi pa muluwo n'kuitembenuza, nthawi zina mupeza chinthu chimene ogula ambiri sachilabadira. Siponji ya pansi, ija imakhala pakati pa phazi ndi raba yoponda dothi, si yofanana mbali zonse. Chakunja ndi yoyera ndi yofewa. Mukaidina ndi chala imalowa pang'ono n'kubwerera. Cham'kati, kuyambira pa chidendene kufika pakati pa phazi, pali chigamba chotuwa cholimba gwa. Wina amayesa kuti ndi chokongoletsera. Ayi ndithu. Nsapato yonseyo inapangidwa chifukwa cha chigamba chimenecho, ndipo mwini wake woyamba, ku Ulaya kapena ku America, anaigula modula atauzidwa kuti phazi lake limapendekera m'kati mopitirira muyezo akamathamanga.

Nanga kwa mnyamata kapena mtsikana wa kuno amene waikonda chifukwa cha dzina ndi maonekedwe, nsapato imeneyi ili ndi phindu lanji? Funsoli si lachabe, chifukwa othamanga alipo ku Chamama. Mbandakucha muwapeza m'misewu ya fumbi yodutsa m'minda ya fodya: ana asukulu okonzekera mipikisano, anyamata a mpira, achinyamata amene akudikira kuti a Malawi Defence Force kapena apolisi alengeze zolemba ntchito, ndiponso aphunzitsi ndi akuluakulu ena amene kuchipatala anawauza kuti BP yakwera kapena shuga wayamba. Chigwa cha Kasungu chili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndi chathyathyathya, misewu yake ndi italiitali. Ndi dziko labwino lothamangamo. Chimene kulibe ndi sitolo yokhala ndi makina oyezera phazi ndi munthu wofotokoza kuti nsapato iyi njayani.

Tiyambe ndi phazilo. Lili ndi mafupa 26, omangidwa ndi mitsempha ndi minofu mwakuti pakati pake pamapindika, malo amene tingawatche uta wa phazi. Pothamanga, phazi likagunda pansi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu. Munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti phazi limodzi likusenza 120 mpaka 180, ndipo pa kilomita imodzi yokha zimenezi zimachitika maulendo mazanamazana. Kuti mafupa asavulale, phazi limafika pansi ndi m'mphepete mwa kunja, kenaka limagubudukira m'kati, uta uja n'kutsika pang'ono n'kumeza mphamvuyo. Likatero limalimbanso, n'kukankha thupi kupita patsogolo ndi chala chachikulu. Kugubudukira m'katiku akatswiri amati pronation, ndipo aliyense woyenda ndi miyendo iwiri amachita. Si matenda. Phazi losachita zimenezi ndilo lingakhale lovuta.

Koma anthu ena phazi lawo limagubuduka kwambiri kapena kwa nthawi yotalikirapo. Mukamuyang'ana kumbuyo munthu wotere akuthamanga, kakolo amaoneka akugwera m'kati, uta ukuphwa mpaka kukhudza pansi, msongolo ukupotokera m'kati ndipo bondo likutsatira. Imeneyo ndiyo overpronation. M'zaka za m'ma 1970, anthu wamba ku America atayamba kuthamanga mwaunyinji, makamaka Frank Shorter atapambana marathon ya Olympics ku Munich mu 1972, madokotala a mapazi anayamba kulandira anthu ambiri odandaula mawondo, misongolo ndi zidendene. Ambiri anaganiza kuti gwero lake ndi kupendekera kumeneku. Makampani sanachedwe. Mu 1977 kampani ya Brooks inatulutsa nsapato yotchedwa Vantage yokhala ndi kamphero kokweza mbali ya m'kati. Mu 1993 ASICS ya ku Japan inabweretsa Gel-Kayano, dzina lochokera kwa amene anaijambula, Toshikazu Kayano, ndipo mpaka lero ikutulukabe chaka ndi chaka. Brooks Adrenaline GTS, Nike Structure, Saucony Guide, New Balance 860 ndi Hoka Arahi zonse ndi za banja limeneli, lotchedwa stability.

Kapangidwe kake kasintha pa zaka zapitazi. Zakale zinkadalira chigamba cholimba chija, cholinga chake kuti mbali ya m'kati isaphwe msanga phazi likaitsamira. Zatsopano zambiri zinachisiya. Brooks inayamba kuika timakoma tiwiri ta siponji m'mbali mwa chidendene, imene imatitcha GuideRails. Hoka inaika siponji yolimbirapo yozungulira chidendene n'kutsata mbali ya m'kati. ASICS nayo, pa Kayano 30 ya mu 2023, inachotsa chigambacho n'kukulitsa pansi pa nsapato kuti phazi likhale pa malo otambalala. Siponji inanenepa ndi kufewa, mwakuti nsapato ya stability ya lero imamveka yofewa kuposa ya zaka khumi zapitazo. Koma kaunjika amabwera mochedwa, ndiye zimene zikupezeka pa masaka a ku Chamama zambiri ndi za chigamba zija.

Tsono kodi zimagwiradi ntchito? Apa mpamene nkhani imafunika kudekha, chifukwa kafukufuku sanayankhe mogwirizana ndi otsatsa malonda.

Ku Denmark, gulu lotsogozedwa ndi Rasmus Nielsen linatenga anthu 927 ongoyamba kumene kuthamanga, linayeza mapazi awo, kenaka onse linawapatsa nsapato yofanana yopanda chigamba chilichonse, n'kuwatsata kwa chaka chathunthu. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu British Journal of Sports Medicine mu 2014, zinaonetsa kuti a mapazi opendekera m'kati sanavulale kuposa anzawo a mapazi owongoka. Asilikali a ku America nawo anayesa. Joseph Knapik ndi anzake anafufuza pakati pa ophunzira usilikali oposa 7,000. Ena anawapatsa nsapato motengera chidindo cha phazi lawo, ena onse anangowapatsa ya stability mosayang'ana phazi. Kuvulala kunali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Njira ija yonyowetsa phazi n'kuponda pa pepala kuti udziwe nsapato yako, imene inafala kwambiri m'masitolo, inapezeka kuti siteteza munthu.

Koma pali umboni wina wa mbali inayo. Ku Luxembourg, Laurent Malisoux ndi anzake anapatsa othamanga 372 nsapato zooneka zofanana kunja, zina zili ndi zolimbitsa mbali ya m'kati, zina zilibe, ovalawo osadziwa kuti alandira iti. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, ovala zolimbitsidwa anavulala mocheperapo, ndipo phindulo linaonekera makamaka mwa a mapazi opendekera m'kati. Izi zinatuluka mu 2016. Chaka cha 2015, Benno Nigg wa ku University of Calgary ku Canada, amene anathera zaka zambiri akufufuza za kupendekera kumeneku, analemba kuti thupi la munthu aliyense lili ndi njira yake imene limakonda kuyendetsera mafupa, ndipo nsapato yabwino ndi imene siilimbana ndi njira imeneyo. Chizindikiro chake ndi chapafupi: wovalayo amaimva bwino akamathamanga.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ine ndikuona motere. Wothamanga amene phazi lake limapendekera m'kati koma palibe pamene pakumupweteka alibe vuto lofuna kukonzedwa, ndipo asalole munthu kumuopseza kuti ataye ndalama. Amene limapendekera kwambiri, ndipo msongolo cham'kati kapena pansi pa phazi pamamuwawa mobwerezabwereza, nsapato ya stability yabwinobwino ingamuthandize, ndipo ndi bwino kuiyesa. Koma mawu akuti yabwinobwino ndiwo mutu wa nkhani kwa ife, chifukwa anthu onse a m'kafukufuku uja anapatsidwa nsapato zatsopano. Wa ku Chamama akugula imene munthu wina anathamanga nayo kale mpaka kuitaya.

Mtengo ndiwo umatifikitsa pamenepa. Nsapato zimenezi zikakhala zatsopano ku America zimagulidwa madola 140 mpaka 160 kapena kuposerapo. Mu 2024, chaka chimene alimi ambiri anati msika unayenda bwino, fodya wathu ankagulidwa pafupifupi madola atatu pa kilogalamu tikaphatikiza mitengo yonse. Ndiye kuti pa mtengo umenewo nsapato imodzi ndi makilogalamu 50 a fodya, pafupifupi theka la belo, tisanachotse ngongole ya feteleza, mayendedwe ndi zodula za kumsika. Amene anafesa nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa amadziwa thukuta limene lili mu theka la belo. Kwa mwana wa tenanti, nkhani yogula yatsopano palibe n'komwe. Kaunjika ndiye sitolo yathu ya zamasewera, ndipo m'malo moinyoza tiyenera kuphunzira kusankhamo.

Opanga nsapato amanena kuti siponji imatha mphamvu ikayenda makilomita 500 mpaka 800. Chovuta n'chakuti imafa mosaonekera. Nsalu ya pamwamba ikhoza kukhala yowala, dzina likuwerengeka bwino, koma m'kati zatha kale. Zili ngati matiresi a siponji amene munthu wagonapo zaka zambiri: mukawagula, mumagona m'dzenje la mwini wake wakale, thupi lanu lifune lisafune. Nsapato imene inavalidwa ndi munthu wolemera wa phazi logwera m'kati imakhala itaphwa mbali imeneyo, ndipo m'malo mowongola phazi lanu imalikankhira komweko.

Choyamba ndiye musaiyang'ane pamwamba. Ikani nsapato zonse ziwiri pa malo osalala, pa benchi kapena pa khonde la sitolo, mugwade n'kuziyang'ana kumbuyo maso ali pa msinkhu wa chidendene. Yabwino imaima chilili. Ikapendekera m'kati kapena kunja, isiyeni, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo chotani. Kenaka yang'anani m'mbali mwa siponji. Timakwinya tating'ono tochepa si vuto, koma makwinya akuya othithikana, makamaka pansi pa chidendene, akutanthauza kuti yafinyika kosabwerera. Solotsani kansalu kopondapo ka m'kati, mulowetse dzanja n'kupapasa. Mukapeza dzenje pa chidendene kapena pamene pamakhala chala chachikulu, phazi la mwini wakale likadali momwemo. Finyani kumbuyo kumene kumagwira chidendene: kuyenera kukana, osati kupindika ngati nsalu. Igwireni mbali zonse ziwiri n'kuipinda. Ipindike kutsogolo pamene zala zimapindikira, osati pakati. Ipotozeni ngati mukufinya chovala chochapa. Ya stability ikalola mosavuta ndiye kuti yatha ntchito.

Raba ya pansi imanamiza anthu ambiri. Kuperepeseka kwa m'mphepete mwa kunja kwa chidendene n'kwachibadwa, chifukwa anthu ambiri amayamba kuponda pamenepo. Chodetsa nkhawa ndi pamene raba yatheratu mpaka siponji kuonekera, kapena mbali imodzi yadyeka kwambiri mwakuti nsapato siikhazikika.

Kukula kwake ndiko kumaposa zonsezi, ndipo n'kumene achinyamata ambiri amalakwitsa chifukwa chokopeka ndi dzina. Phazi limafufuma munthu akathamanga mtunda wautali. Yesani nsapato masana kapena madzulo, mutavala masokosi amene mumathamangira, ndipo pakati pa chala chachitali ndi kutsogolo kwa nsapato patsale mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja. Onani manambala a nsapato zonse ziwiri, chifukwa m'belo nthawi zina zimakumana zosiyana. Mukavala, pemphani wogulitsa kuti muthamange pang'ono pomwepo. Ngati chigamba chija chikukubayani pansi pa uta, musadzinamize kuti chidzafewa. Chinapangidwa kuti chisafewe. Ndipo amene uta wake ndi wautali ndi wolimba, phazi lake lotsamira kunja, nsapato ya chigamba si yake. Ikhoza kumukankhira kunja kowonjezera, ndipo m'misewu yathu ya mikwasa ya ngolo ndi mathirakitala, imene imauma gwa dzinja likatha, kubinya kakolo sikuchedwa.

Pali chinthu china chimene otsatsa malonda a kunja sachiganizira: mapazi ambiri a kuno anakula mosiyana ndi a ku Denmark. Mwana amene wakula akuyenda wopanda nsapato, kupita kudimba, kudambo ndi ng'ombe, kusewera mpira wachikulunga pa bwalo la fumbi, zala zake zimatambasuka ndipo minofu ya pansi pa phazi imalimba. Ku India, mu 1992, madokotala awiri, Rao ndi Joseph, anayeza ana 2,300 ndipo anapeza kuti phazi lathyathyathya linali pa ana 8.6 mwa 100 aliwonse ovala nsapato, pomwe mwa osavala linali pa 2.8 okha. Phazi lotambalala la mwana wa kumudzi nthawi zambiri limaoneka ngati lopanda uta chifukwa cha mnofu wochindikala, koma akaima ndi zala uta umatulukira bwinobwino. Phazi lotere silifuna kuwongoledwa. Limafuna malo, ndipo nsapato zambiri za kunja ndi zopanikiza kutsogolo.

Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathon ya Olympics ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, pa maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16. Patatha zaka zinayi anapambananso ku Tokyo atavala nsapato, mwaliwiro kuposa poyamba. Kwathu kuno, pa mpikisano wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje, anthu akhala akuona othamanga ena akukwera ndi kutsika miyala ija mapazi ali pamtunda. Sindikunena izi kuti achinyamata avule nsapato. Pali minga, mabotolo osweka, matekenya, ndi dothi la mu Okutobala lotentha moti silipondeka. Ndikunena kuti mphamvu ili m'phazi ndi m'mwendo, nsapato imangothandizira. Catherine Chikwakwa anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto, Italy, mu 2004. Mike Tebulo anathamanga marathon ya Olympics ku London mu 2012, Tereza Master ku Rio de Janeiro mu 2016. Dziko lino lili ndi miyendo. Zimandipweteka kuganiza kuti mwana waluso angasiye kuthamanga chifukwa cha msongolo umene unawonongedwa ndi nsapato yakufa kale, iye akuyesa kuti thupi lake ndilo lolephera.

Osoka nsapato a pamsika amatha zambiri ndipo ayenera ulemu wawo. Amasoka nsalu yong'ambika, amamata raba yomatuka, amaika chigamba pamene chala chaboola. Koma siponji yakufa palibe angaidzutse. Ndipo mukawapempha kuti aike raba ya tayala pansi, ikhale yopyapyala ndi yofanana mbali zonse ndi nsapato zonse ziwiri. Kukweza mbali imodzi mongoyerekeza ndi maso kumasuntha ululu kuchoka pa phazi kupita pa bondo. Nsapato ikanyowa, iumitseni pa mthunzi mutaikamo mapepala. Pa moto kapena pa malata otentha, siponji imakwinyika ndipo guluu amamatuka. Ngati thumba lilola, nsapato yothamangira ikhale yothamangira basi, osapita nayo kumunda, kuchigayo ndi kutchalitchi.

Komabe zovulala zambiri za othamanga sizichokera ku nsapato. Zimachokera ku changu. Chilengezo cha ntchito ya usilikali chikangomveka pa wailesi, mnyamata amene chaka chonse sanathamangepo amayamba kudula makilomita 10 kapena 15 tsiku ndi tsiku. Mapapo ndi mtima zimazolowera msanga, pa masabata ochepa, koma mafupa ndi mitsempha zimatenga miyezi. Mlungu wachitatu msongolo wayamba kuyaka, iye n'kumaimba mlandu nsapato kapena phazi lake. Kuwonjezera mtunda pang'onopang'ono, kusiya tsiku lopuma pakati, ndi kusinthasintha njira kuti usamangothamanga mbali imodzi ya msewu wopendekera, kumateteza kuposa chigamba chilichonse.

Phazi nalo limaphunzitsika, ndipo zimenezi sizifuna ndalama. Kuima m'mphepete mwa khonde ndi zala n'kumakwera ndi kutsika pang'onopang'ono kumalimbitsa akatumba ndi mtsempha umene umadutsa kuseri kwa kakolo cham'kati, umene ndiwo umanyamula uta. Kuima ndi mwendo umodzi, bondo litapindika pang'ono osalilola kugwera m'kati, kumalimbitsa minofu ya m'chiuno imene imawongolera mwendo wonse. Aphunzitsi a masewera m'sukulu za pulayimale ndi sekondale za m'derali akanaika mphindi khumi za zimenezi ana asanayambe kuzungulira bwalo, akanapulumutsa miyendo yambiri.

Pali ululu wina umene nsapato siingathetse ndipo sufunika kupirira. Ngati pakupweteka pa malo amodzi a fupa amene mungawaloze ndi chala, ngati mukutsimphina ngakhale poyenda, kapena ululu ukukudzutsani usiku, fupa likhoza kukhala litachita mng'alu chifukwa cha kugundagunda. Ngati phazi limodzi lokha layamba kuphwa posachedwa, kuseri kwa kakolo cham'kati kwatupa, ndipo simungathe kuima ndi zala za phazi limenelo, mtsempha uja wavulala ndipo ukachedwetsedwa phazi limapindika kosabwerera. Odwala shuga amene mapazi awo achita dzanzi asathamange opanda nsapato, ndipo aziyang'ana mapazi awo tsiku lililonse, chifukwa thuza laling'ono limasanduka chilonda iwo osamva. Malawi wakhala akuphunzitsa makiliniko ofisa a mafupa kuyambira 1985, ndipo ndi amene amaona mavuto otere m'zipatala za m'maboma monga cha Kasungu. Zikakula amatumiza ku Lilongwe, kumene kuli chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central. Dziwani kuti mng'alu wotere nthawi zambiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri kapena atatu oyambirira. Chithunzi chikatuluka choyera koma fupa likupwetekabe pa malo omwewo, pumulani kuthamanga ndipo mubwererenso kukaonetsa.